Makilomita Khumi ndi Awiri

Ku Enschede dzina langa linakhala pamndandanda zaka zisanu ndi ziwiri
kudikira nyumba yotsika mtengo.
Lendi inkakwera ngati ili ndi makwerero akeake,
malipiro anga oyendetsa basi ali chikhalire pansi.
Tsiku lina Jorrit anati, tiye tiwoloke.
Kuwoloka chiyani? Mtsinje palibe, mlonda palibe,
chikwangwani chabuluu basi m'mbali mwa msewu
ndi phula losintha kulira pansi pa matayala.

Ku Gronau, mu ofesi yonunkha khofi wozizira,
mkulu wolembetsa mapangano anatiwerengera chikalata chonse mokweza,
masamba makumi awiri ndi anayi a Chijeremani,
osapumira, ngati m'busa wothamangira maliro achiwiri.
Womasulira ankatsalira m'mbuyo, thukuta lili kamukamu.
Ine ndinatolapo zitatu:
dzina langa, dzina la Jorrit, ndi ngongole.
Mayi Terhaar, ogulitsawo, anasayina osavula magolovesi.

Palibe anatitsina khutu kuti kuno wosamuka amanyamula ndi khitchini yomwe.
Tinapeza mapaipi awiri ali tong'o pakhoma
ndi malo oyera pomwe makabati anatsamira zaka makumi anayi.
Mbale tinayamba kutsukira m'bafa.

Lamlungu loyamba ndinaliza makina otchetchera kapinga.
A Brinkhaus anasuzumira pampanda,
analoza wotchi, analoza nsanja ya tchalitchi, osanena kanthu.
Ndinazimitsa.
Lolemba anagogoda ndi keke ya maapozi
ndi kalendala ya masiku otaya zinyalala, mgolo uliwonse mtundu wake.
Mpaka lero sindidziwa
ngati chinali chidzudzulo kapena takulandirani.

Bambo anga anakana kubwera.
Amvekere, Wietske wakagula nyumba kwa anthu
amene analanda njinga ya agogo ake nthawi ya nkhondo.
Ankanena moseka, monga amasekera onse kwathu,
koma kapu yawo inkagogoda pambale.
Anali ndi zaka zisanu tsiku limenelo.
Anaona atate awo akubwerera wapansi, pampu ili m'manja.

Mu Novembala, ndikusaka mita ya madzi m'chipinda chapansi,
kuseri kwa mabotolo a jamu olembedwa zaka zomwe ndinali ndisanabadwe,
ndinaiona:
yakuda bii, yopanda tcheni, chishalo chitadyedwa ndi mbewa.
Si yomweyo, ndikudziwa, ndi yaing'ono zaka makumi awiri.
Ndinaimbira Mayi Terhaar kunyumba yosungira okalamba,
anati inali ya malemu amuna awo, katayeni.

Ndinaipukuta ndi malaya akale a Jorrit,
ndinaikankhira kumbuyo kwa galimoto, gudumu limodzi lili panja,
makilomita khumi ndi awiri,
n'kukaiimika pakhomo pa bambo.
Ndinati, Ajeremani akuti pepani, nayi.
Anaizungulira kawiri, ndodo ikugunda pansi.
Anakankha belu, belu linatsokomola dzimbiri.
Anati, ya agogo ako inali ndi tcheni.
Koma anailowetsa m'nyumba.

Loweruka lotsatira ndinamva kugogoda cha m'ma naini.
Anali atakwera sitima okha,
chipewa chonyowa, bokosi la masipanala kukhwapa.
Moni sanapereke. Anangofunsa kuti mapaipi aja ali pati.

Masana ndinawapeza kumpanda ndi a Brinkhaus,
awiri onse manja kumbuyo,
akukangana za mtengo wa mapeyala woti udulidwe nthambi liti.
Sankayankhula Chidatchi, sankayankhula Chijeremani.
Chinali chiyankhulo chakale cha m'midzi ya kuno,
chomwe agogo ankakalipira nacho galu,
chomwe aphunzitsi anatichotsa pakamwa kusukulu.
Ndinaima pawindo ndi mbale yonyowa,
ndikumva liwu limodzi pa mawu atatu alionse.

Madzi anafika kukhitchini Lachinayi.
Mpopi ukudonthabe pang'ono.
Bambo akuti abweranso kudzauona.